Memory Sakugwirizana ndi Bodi

Lolemba

Kuzizira kwa ku Katawa kuno, mu Mzuzu, kwandidzutsa alamu isanalire. Zala sizikufuna kugwira cholembera, koma sabata ino ndi yofunika kuilemba.

Zoti zichitike pofika Lamulungu:

1. Mawu a nyimbo aoneke pakhoma la tchalitchi, monga ndinalonjezera bodi ya mpingo dzulo.
2. Adada Gondwe, wapampando wa bodiyo, aone ndi maso awo kuti ndine munthu womaliza zimene wayamba.
3. Masana ake amalume ochokera ku Zomba, pamodzi ndi thenga, mkhalapakati wa zaukwati monga amamutchulira kuno, akagogode kwa Adada Gondwe ku Geisha, kukapempha mwana wawo Memory.
4. Kumeta.

Nambala 3 yatsamira pa nambala 2. Nambala 2 yatsamira pa nambala 1. Nambala 1 yatsamira pa kanthu kali patebulo panga apa, kakakulu ngati sopo wosambira.

Ndi kompyuta. Inde, yonse. Msuweni wanga wa ku Joni ndiye ananditumizira. Bodi imodzi yobiriwira, yopanda chikuto, yopanda fani. Purosesa yake ndi ya ARM, mtundu womwewu wa m'mafoni. Liwiro 1,500 megahezi. Memory ya mkati 2 GB. Kakangokhala kamadya mawati atatu, kakalimbika ntchito asanu ndi awiri. Babu la m'chimbudzi cha kutchalitchi limadya kuposa pamenepo!

Laputopu ya mpingo inafa zaka zinayi zapitazo. Pulojekita kuyambira pamenepo ili m'kabati ya ku vesitire, pansi pa makatani a Khirisimasi. Ndiye Memory, pokhala mlembi wa mpingo, Loweruka lililonse amataipa nyimbo, n'kukaima pamzere wa fotokope m'tauni. Zaka ziwiri za chibwenzi chathu, theka lake ndathera pamzere umenewo nditanyamula chikwama chake. Kakompyutaka kakagwira ntchito, Loweruka ndi lathu.

Mmene bodi inavomerezera dzulo sindinamvetse bwino. Ndimafotokoza za magetsi, ndinati kanthuka kamangofuna mavoti asanu basi. Anthu asanu anakweza manja. Nkhani inadutsa.

Adada Gondwe sanakweze. Anangoti: "A ku Blantyre mumayankhula bwino chomene. Tiona Lamulungu."

Ndine wa ku Zomba. Ndawauza katatu.

Madzulo. Ndalumikiza ku TV, ndabaya chaja ya tochi. Kagetsi kofiira kayaka, kobiriwira kakuphethira. Sikirini yayera! Pakona yakumanja pakuoneka kachizindikiro ka mphezi, kachikasu. Chizindikiro cha mphamvu, mwachidziwikire.

Ndawerengetsera: batire ya sola ya kutchalitchi ikhoza kuyendetsa kanthuka masiku angapo osapuma. Magetsi azime mmene angazimire, ife tikuimba.

Ndamuuza Memory pafoni. Akuti: "Chabwino, koma mapepala ndisindikizabe." Kusakhulupirira kumeneku ndi kwa ku banja kwawo.

Lachiwiri

Mphezi ija si ya mphamvu. Ndi ya njala. Ndawerenga ku ofesi, pa nthawi ya bwana.

Kanthuka kamafuna maampu atatu. Chaja ya tochi imapereka imodzi. Magetsi akachepa sikazima, sikadandaula, kamangodzitsitsira liwiro kokha kuchoka pa 1,500 kufika pa 600. Ukadina nyimbo, kamayamba kaganiza. Kamanyamuka ngati minibasi imene sinadzaze.

Machaja amene ndayesa lero:

- Ya tochi. Mphezi.
- Ya a landilodi. Yalembedwa maampu atatu, koma kulemera kwake ngati mulibe kanthu mkati. Mphezi, ndi kafungo.
- Ya mnzanga wa ku ofesi. Waikumbuka 4 koloko isanakwane.
- Ya foni yanga. Mphezi ikubwera pokhapokha ndikatsegula chinthu chachikulu.

Yanga yapambana. Foni iziona yokha.

Nzeru ina: kuwonjezera memory ya mkati. Ndamasula laputopu yakufa ija, ndachotsa kandodo kake ka 4 GB. Ziwiri kuphatikiza zinayi, zisanu ndi chimodzi. Ndatembenuza bodi kutsogolo, kumbuyo, m'mbali monse. Polowetsa palibe. Memory yake anaiwotcherera pabodi ku fakitale komweko, yabadwa nayo ndiyo idzafe nayo. Ndipo kandodoka katsala pang'ono kutalika mofanana ndi kompyuta yonseyo. Ndakaika m'kapu ya mabulashi.

Basi, tiyeni ku memory inayo, ya khadi, yosungira zinthu. Imene inabwera ndi kanthuka ndi ya 8 GB, ndipo yadzadza kale. Ine ndikufuna nyimbo zonse za m'buku, iliyonse ndi mitambo yoyenda kumbuyo kwa mawu. Adada Gondwe akakweza maso aone mitambo.

Nthawi ya nkhomaliro ndathamangira ku depoti. Pali bambo wina wa ambulera yofiira, makhadi ali ndandanda pa katoni.

"Bwana, memory uyu ngwabwino chomene. 128. Uyu sakana foni iliyonse."

Memory uyu! Koma abale! Chichewa cha kuno chimandiwawa m'makutu. Memory *iyi*. Ndi chinthu, si munthu. Wanena "uyu" kasanu ndi kawiri, ndawerenga. Ndinafuna kumukonza, koma ndakumbuka kuti Memory anandiletsa kukonza Chichewa cha anthu, makamaka cha bambo ake, makamaka pakudya.

Ndagula. Kakhadi kake kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chomaliza.

Madzulo ndakopera zonse m'menemo. Ndabaya. Kagetsi kofiira kayaka. Kobiriwira kaphethira kangapo, kenako zii. Sikirini bii.

Mwina katopa. Mawa.

Lachitatu

Sikadatope. Kakana.

Zimene ndayesa:

- Kutulutsa khadi n'kulowetsanso.
- Kuliuzira mpweya.
- Kulipukuta pa malaya.
- Kulifufuta lonse n'kukoperanso. Kawiri.
- Kusintha kafufutidwe, chifukwa akuti mabodi ena salandira makhadi aakulu ngati sanakonzedwe mwa mtundu wakale.
- Kuzimitsa TV n'kuyatsanso, ngakhale TV ilibe mlandu.
- Kuyang'ana kumbali ngati sindikusamala.

Bii.

Ku ofesi ndaliyeza pa kompyuta ya bwana. Kunja lalembedwa 128. Kompyuta nayo ikuti 128. Koma ukathiramo zinthu, zoyambirira zokha ndizo zikukhala, zotsatira zikungolowa n'kusowa. Mitambo yanga yonse yapita kosadziwika. Khadi likuvomera chilichonse, silikusunga kanthu.

Mutu ukuwawa. Tsiku lonse m'makutu mukungomveka mawu a bambo wa ambulera uja: uyu sakana, uyu ngwabwino, uyu sakana. Wakana, bambo! Wakana!

Mawawa ayamba masana. Dzuwa silinaoneke kuyambira Lolemba. Ku Zomba nako kumazizira, koma kumakhala ndi malire.

Foni ili pa 2 peresenti, chifukwa chaja yake ikudyetsa kakompyuta tsiku lachiwiri. Komabe bodi iyenera kudziwa kuti munthu akugwira ntchito. Adada Gondwe amakonda malipoti. Ndalemba mwachangu pa gulu la bodi la pafoni, limene anandilowetsamo chifukwa cha ntchitoyi, ndipo ndalemba mwachidule, mwaulemu, mopanda mawu ovuta a zamakompyuta:

"Moni nonse. Memory sakugwirizana ndi bodi. Ndayesetsa masiku awiri, wakanika. Ndamuchotsa. Mawa ndikasaka wina m'tauni."

Yatumizika, foni n'kuzima pomwepo. Mwayi wake!

Phee. Palibe woimba, palibe wolemba. Ndawiritsa mbatata ndi tiyi. Munthu amafunika madzulo otere nthawi zina.

Lachinayi

Popita kuntchito ndakumana ndi Mama NyaMsiska, oimira amayi m'bodi. Ndati mwauka uli, Mama. Andiyang'ana kuyambira ku nsapato kufika kumutu, n'kuwoloka msewu. Mwina Chitumbuka changa sichinamveke.

8:10. Ndabaya foni ku ofesi. Yayaka. Yayamba kunjenjemera patebulo, osasiya, mpaka yagwetsa sitepula.

Mauthenga 63.

Mama NyaMsiska: "Nadi! Ife tinaona kale, kungoti sitiyankhula."

Msungichuma: "Mnyamatayu mphamvu zochotsa mlembi wazitenga kuti?"

Mama NyaMsiska: "M'tauni mwake muti? Mwana wa eni mwamusunga zaka ziwiri!"

Abusa: chithunzi cha manja opemphera. Katatu.

Mkulu wina amene sanalembepo kanthu chiyambire gululi: "Za ku Blantyre."

Adada Gondwe: palibe. Awerenga. Zikuoneka kuti awerenga.

Memory, 6:02 dzulo madzulo: "Yewo. Musake bwino." Yewo ndiye zikomo wa kuno. Kenako watuluka pagulu.

Ndabwerera pa uthenga wanga. Ndawerenga. Ndawerenganso.

Mayo ine!

*Sa*kugwirizana. Ndimafuna kulemba *si*kugwirizana. *Wa*kanika, m'malo mwa *ya*kanika. Nda*mu*chotsa. *Wina*. Zolakwa zinayi m'mizere inayi. Ine! Ine amene ndinakhoza Chichewa pa Fomu 4 mpaka aphunzitsi kuwerenga chimangirizo changa pa asembule! Chichewa cha bambo wa ambulera chinandilowa kukhutu n'kutulukira ku zala. M wamkuluyo yaika yokha foni, poti dzinalo ndimalilemba kambirimbiri pa tsiku. Bodi ya kompyuta ndi bodi ya mpingo, izo zokha ndiye sindinaziganizire n'komwe.

Ndakonza msangamsanga:

"Pepani nonse. Sindimanena Memory wa Adada. Ndimanena Memory wina, wa ku depoti, amene ndinatenga Lachiwiri."

Ndafufuta mphindi isanathe. Mama NyaMsiska ajambula kale. Akuti chithunzicho chafika ku gulu la amayi, la kwaya, ndi la anthu a ku Geisha lodziwitsana za madzi.

Ndaimbira Memory kasanu ndi kamodzi. Ikulira mpaka kutopa. Ndalemba kalata yonse pafoni, ndime zisanu, galamala yoyera. Siinawerengedwe.

Nkhomaliro sinalowe. Ndapita kwa bambo wa ambulera ndi khadi lake. Walitembenuza, waliika mu foni yake, laonetsa 128.

"Mwaona? Uyu sakana foni. Inu munamuika m'chiyani?"

Ndayamba kufotokoza za bodi. Ndasiyira panjira. Mawu amenewo sindikufuna kuwamvanso m'kamwa mwanga.

Amalume aimba kuchokera ku Zomba: tikiti ya basi agula, suti achapitsa, afika Loweruka. "Zonse zili bwino kumeneko?" Ndati kukuzizira.

4:45. Adada Gondwe alemba, kwa ine ndekha, osati pagulu:

"Mawa 5 koloko ku vesitire. Mubwere naye Memory winayo."

Lachisanu

Sindinagone bwino. Tiyi ndathira mchere.

Memory winayo ndamuika, ayi, nda*i*ika m'bokosi la machesi, pa thonje.

5 koloko. Vesitire. Bodi yonse, anthu asanu ndi awiri, majekete ndi zitenje ziwiriziwiri chifukwa cha mphepo. Kumapeto kwa tebulo kuli Memory ndi buku la maminitsi. Akulemba tsiku. Sanadzutse mutu.

Adada Gondwe: "Mlendoyo ali kuti?"

Ndaika bokosi patebulo. Ndatsegula.

Layenda dzanja ndi dzanja, aliyense kusuzumira. Msungichuma wapenda ku windo. Mama NyaMsiska avala magalasi: "Kameneka ndiye kakupasula banja?" Akuoneka okhumudwa. Ndikuganiza kuti amayembekezera munthu wa mawigi.

Ndafotokoza. Ndatulutsa kakompyuta: iyi ndi bodi. Ndaloza iwo: iyinso ndi bodi. Ndakweza khadi: iyi ndi memory. Sindinaloze kumapeto kwa tebulo. Kenako, sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndalowa mu galamala. Magulu a maina. Agwirizanitsi. Kusiyana kwa *si* ndi *sa*. Mphindi khumi. Ndalemba ndi choko pachitseko cha kabati.

Adada Gondwe adikira mpaka ndamaliza. "Chichewa ndi chanu, a ku Blantyre. Ife tangowerenga zimene munalemba."

Anthu aseka. Abusa apukuta misozi. Mtima wanga wayamba kutsika, ndati basi, yatha bwino, titseke ndi pemphero.

Memory waika cholembera pansi.

"Za khadi ndamva. Koma uthengawo sunaname. Ine ndi bodi sitikugwirizana."



Watsegula foni yake, wawerenga mokweza: "Ife tinaona kale, kungoti sitiyankhula." Mama NyaMsiska ayamba kusakasaka chinthu m'chikwama. Memory wapitiriza, osakweza mawu. Zaka zinayi. Loweruka lililonse pa fotokope. Maminitsi. Makalata. Kusesa vesitire yomweyi. Maluwa a paguwa. Ukwati wa mnzake wa ku koleji anauphonya chifukwa cha mapepala a Pasaka. Ndipo atamva kuti wachotsedwa, pa anthu asanu ndi awiri palibe amene anafunsa kuti walakwa chiyani. Amene anafunsako kanthu anafunsa za mphamvu za wochotsayo.

"Lachitatu ndinalira. Lachinayi ndinadzuka wopepuka. Ndiye ndazindikira."

Watseka buku. Waika kiyi wa vesitire pamwamba pake. Wakankhira pakati pa tebulo. "Yewo chomene." Watuluka, chitseko watseka bwinobwino, galamala yanga ili pakabati ikumuperekeza.

Palibe amene walemba zimenezi m'maminitsi.

Adada Gondwe sanayang'ane mwana wawo. Ayang'ana ine. Kenako: "Lamulungu mapepala kulibe. Khoma lanu lija ligwire ntchito."

Ndamuthamangira mpaka pamsewu. Anali atakwera kale njinga yamoto. Wandiuza ali pampando: "Ndikudziwa kuti mumanena khadi. Koma usiku wonse wa Lachitatu sindimadziwa, ndipo foni yanu inali yozima." Njinga yanyamuka.

Mumanena. Yanu. Zaka ziwiri wakhala akunditi iwe.

Ndikuopa, ndisaname. Mtsikanayu ndimamukonda, ndipo sindikudziwa ngati Lamulungu kuli khomo loti amalume akagogode.

Loweruka

Ndameta. Nambala 4 yatheka.

Mitambo ndaisiya. Ndabwerera ku khadi lakale la 8 GB: mawu oyera pakuda, nyimbo zinayi za mawa basi. Zikutheka, koma vesi likusintha mochedwa. Mpingo ukhoza kufika pa "Amen" khoma lidakali pa vesi lachitatu.

Nzeru: kukweza liwiro. Pali kafayilo kamene umangosintha nambala. 1,500 ndafufuta, ndalemba 2,000.

Zotsatira zake, mwa dongosolo:

- Mphindi zitatu zoyamba: mphepo! Vesi likusintha ndisanamalize kudina.
- Kutentha madigiri 70.
- Mphezi yabwerera, poti liwiro lambiri limadya magetsi ambiri. Izi zinalembedwa pansi pa tsamba limene ndinawerenga pamwamba pokha.
- Madigiri 80. Mu Mzuzu! Ine ndavala majuzi awiri.
- Ndagoneka supuni pa purosesa kuti izimwa kutentha. Supuni yatentha.
- Kadzitsitsira liwiro kokha, kutsika kuposa pamene tinayambira.
- Kauma gwa.
- Ndazula chaja.

Kuzula chaja khadi likulemba, akuti, n'kosayenera. Khadi lakale lafa. Tsopano m'bokosi la machesi muli awiri.

11 koloko ndakalandira amalume ku depoti. Atsika ndi suti m'pepala la pulasitiki, akunjenjemera, akufunsa ngati anthu amakhaladi kuno mwa kufuna kwawo. Tadutsa pa ambulera yofiira. Bambo uja wandikwezera dzanja: "Bwana! Memory ali bwanji?" Amalume amwetulira: "Eee, mpaka kumsika akumudziwa mpongozi wathu." Ndati tiyeni, minibasi ikudzaza.

2 koloko. Kutchalitchi, ine, pulojekita, kakompyuta kopanda khadi. Kwaya ikuyeserera kutsogolo. Memory ali pamzere wake wa nthawi zonse, poti wasiya ulembi, osati kuimba. Loweruka loyamba m'zaka zinayi kufika pa nthawi yake. Akuseka ndi anzake. Ine ndakhala pa benchi yomaliza, ndikuyang'ana kagetsi kofiira.

Atamaliza wadutsa pafupi. Sanaime kwenikweni. Waika kanthu pa benchi.

"32. Ya m'shopu, osati ya pansi pa ambulera. Zithunzi zanga ndachotsamo. Si ya inu, ndi ya mpingo."

Ndathamangira ku ofesi kukakopera, mlonda wanditsegulira. Nambala ija ndabwezera pa 1,500. Ndabwerera, ndabaya. Kobiriwira phethi, phethi, phethi. Khoma layera!

Memory ya Memory yagwirizana ndi bodi pa ulendo woyamba. Izi sindilemba pa gulu lililonse.

Mphezi nayo yathetsedwa ndi amalume. Abwera ndi pawabanki yaikulu ngati njerwa, ya paulendo. Ndayesa: maampu atatu enieni. Mphezi psiti. Liwiro 1,500, osatsika. Foni yanga yabwezeredwa chaja yake.

Nyimbo zonse zinayi ndayesa kawiri, pa magetsi a pakhoma. Zilembo zazikulu, zowerengeka mpaka kukhomo. Ndaimba ndekha vesi limodzi m'tchalitchi mopanda anthu.

Ponyamula pulojekita ndaona kapepala komata kunsi kwake. Mawati 260. Lolemba powerengetsera za batire ndinawerengera kakompyuta kokha. Asanu ndi awiri.

Dzuwa silinaonekebe. Koma magetsi akangokhalapo mawa, palibe vuto.

Lamulungu

Magetsi azima 7 koloko.

9 koloko. Tchalitchi chadzadza kuposa pa Khirisimasi. Ena ndi a mipingo ina, abwera kudzaona khoma, kapena ine. Zonse zili pa batire ya sola: kiyibodi, ampulifaya, maikolofoni awiri, pulojekita. Kakompyuta kokha kali pa njerwa ya amalume. Amalume ali kutsogolo mu suti, thenga pambali pawo.

Nyimbo yoyamba. Ndadina.

Mawu pakhoma, mbee! Anthu "Eee!" Mama NyaMsiska akodola mnzawo. Adada Gondwe akweza maso, avula magalasi, avalanso. Ndaona ndi maso angawa: mutu wawo wagwedezeka pang'ono, kutsika ndi kukwera. Kamodzi.

Vesi loyamba lonse latha bwino. Ndikufuna zimenezi zilembedwe. Vesi lonse.

Pa kolasi woimba kiyibodi wakweza, ng'oma za m'kiyibodi zalowa, maikolofoni onse awiri. Ku vesitire inveta ya batire ya sola yayamba kulira: tswii, tswii, tswii. Kenako thi! Kiyibodi zii. Maikolofoni zii. Khoma labwerera kukhala khoma.

Mpingo sunaime n'komwe. Memory wangokweza mawu pamzere wa kwaya, anthu n'kumutsatira. Vesi lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi. Lachisanu, limene ine ndinalisiya poganiza kuti palibe amalidziwa. Onse pamtima, agogo, ana, ndi amalume omwe. Nyimbo zonse zinayi chimodzimodzi. Sanaimbepo bwino chonchi chibwerere ine ku Mzuzu.

Zaka zinayi za fotokope. Sabata yanga yonse.

Ine ndili pa benchi yomaliza, ndikudinabe mavesi pa nthawi yake. Ndikadina, kagetsi kobiriwira kakuphethira. M'tchalitchi monse chinthu chamagetsi chimene chikugwira ntchito ndi kanthu kangaka kokha, pa mawati ake atatu, monga ndinalonjezera bodi. Palibe akuona.

Abusa alalikira ndi pakamwa pokha, mawu atha pa mfundo yachiwiri. Zolengeza palibe wowerenga.

2 koloko amalume ndi thenga anyamuka wa ku Geisha. Mkamwini saloledwa kupita nawo. Ndatsala. Ndasesa. Ndatsuka supuni ija. Ndasesanso.

5:20 abwera. Amalume akhala pansi, avula nsapato, apempha tiyi. Amwa theka.

Lipoti lawo:

1. Alandiridwa bwino. Nkhuku.
2. Sanakane.
3. Sanavomere.
4. Adada Gondwe akuti tibwerenso pakatha miyezi itatu. Akuti sabata ino aphunzira kwa mnyamata wa ku Blantyre kuti zinthu sumangobaya. Akufuna ayambe aona ngati Memory akugwirizana nane.

"Anena choncho akuseka?" Amalume akuti ayi, nkhope ili gwa. Amene amaseka ndi wina wake kukhitchini.

Atumizanso kaphukusi. Ndatsegula. Buku la maminitsi ndi kiyi wa vesitire. Bodi inakumana mwachidule titaweruka, akuti poti ndinachotsa mlembi n'kulonjeza kusaka wina, ndipo winayo sanaoneke, ndigwirizire ndine. Mavoti asanu.

Kakompyuta ndakaika m'kabati, pamodzi ndi bokosi la machesi. Amalume atenga njerwa yawo, basi yawo ndi ya m'mawa. Akufunsa ngati pakatha miyezi itatu kudzakhala kutatenthako. Ndati akuti kumatero.

6:40. Foni yalira kamodzi. Memory.

"Loweruka 2 koloko. Nyimbo zinayi, mapepala 80. Makina a fotokope aja akakana uziwamenya kumanzere. Ndibwera kudzaonerera, osati kudzathandiza. Chikwama chako ndikunyamulira."

Uziwamenya. Chako.

Ndayankha: "Yewo."

Liwu limodzi lokha, koma ndaliwerenga kanayi ndisanatumize.